Zilembo Khumi ndi Zitatu

Kalatayo idafika Lachiwiri, tsiku lochapa,
amayi adaitsegula manja ali thovu lokhalokha
mpaka inki idayenderera pa liwu limodzi,
lalitali ngati chingwe cha nangula:
insubordinate.
Ndidali ndi zaka zisanu ndi zinayi.
Ndidawerenga zilembo ndi chala, khumi ndi zitatu,
ndipo palibe chimodzi chidandiuza
chifukwa chomwe bambo adali khale pakhomo
pomwe amuna onse a mumsewu mwathu ku Hull
adali kunyanja ya kumpoto.

Loweruka ndidalikopera pa pepala lokulungira shuga
n'kupita nalo kulaibulale.
Mayi Outhwaite adatsitsa magalasi,
adanyambita chala, natembenuza buku lolemera kuposa mng'ono wanga.
Liwuli, adatero, lili ngati nsomba, timalitumbula.
Mutu wake ukuti ayi.
Pakati pakuti pansi.
Kumchiraku kuli mzere, uja anthu amaimapo
wamkulu kutsogolo, wamng'ono kumbuyo.
Ndiye kuti munthu wokana kuima pansi pa mzere.
Adandiyang'ana: ndani wakulembera zimenezi, mwanawe?
Ndidati ndalitola m'nyuzipepala.

Zomwe bukulo silidalembe ndi izi.
Udali mwezi wa Januwale, mdima usadachoke,
madzi ataundana pa zingwe za sitima mpaka kunenepa ngati ntchafu,
wailesi ya m'sitimamo ikungolira ngati mafuta pamoto.
Mwini sitima adatuma uthenga ali m'bulangete kwake: nyamukani.
Kapitawo Ludgate adati nyamukani.
Amuna khumi ndi asanu ndi anayi adakwera.
Arnold Stathers, bambo anga,
adatula chikwama padoko, nachikhalira,
nayatsa fodya.
Sadakuwe. Akuti adangoti,
konzani wailesiyo kaye.

Ndikadakonda kukuuzani kuti sitimayo idamira.
Mulungu andikhululukire, usiku wina ndidapempheradi zimenezo.
Idabwerako patatha masabata atatu
itadzaza nsomba mpaka pakhosi,
amuna onse amoyo, matumba ali tho,
akugulira akazi awo zipewa.
Ku bala adayamba kuwatchula bambo kuti Wailesi.
Chaka ndi theka palibe kampani idalemba dzina lawo.
Ankasenza malasha, amayi ankatumbula nsomba za anthu ena,
ine nsapato zanga zidatsegula pakamwa
ndipo tidazitseka ndi katoni.

Musaganize kuti adali woyera mtima.
Makani omwewo adabwera nawo patebulo:
zenera likhale chotsegula ngakhale chisanu chilume,
wansembe asaponde pakhonde,
mchimwene wanga adachoka pakhomo osatsazika
chifukwa cha nkhani ya njinga.
Munthu wokana kuweramira wamkulu
nthawi zina amaiwalanso kuweramira mwana.

Ndili ndi zaka makumi asanu ndi awiri tsopano.
Doko lija adamangapo masitolo,
pomwe adakhalira chikwama pamaima magalimoto.
Mabuku omasulira mawu ndagula atatu,
onse amanena chimodzimodzi:
wosamvera, wogalukira, wamwano kwa omulamula.
Palibe limodzi lomwe limafunsa
kuti wolamulayo adagona kuti usiku umenewo,
kapena wailesi ija adaikonza liti.

Kuchipatala, sabata yawo yomaliza,
namwino adawauza kuti asadzuke pabedi.
Tidawapeza pawindo, atavula machubu,
ali chiimire, miyendo ikunjenjemera,
akuyang'ana mtsinje wa Humber ukutuluka.
Namwinoyo, mtsikana wa ku Grimsby, adapukusa mutu
nafuna liwu loti alembe pa khadi.
Ndidati ndilipo nalo, lili ndi zilembo khumi ndi zitatu,
ndipo ndidamutchulira chimodzichimodzi.
Bambo adaseka mpaka kutsokomola,
kenako adandikalipira
kuti ndawasiyira chitseko chotseka.